Kusaka mbiri ya nyuzipepala za kuno ku Tete: poyambira ndi popita

Amene akufuna kulemba mbiri ya nyuzipepala za m'chigawo cha Tete asataye nthawi kufunafuna nyuzipepala imodzi yaikulu yakwathu, yokhala ndi makina ake osindikizira ndi makope akale osanjikizana m'kabati. Nkhani zathu zidamwazika. Zina zidalembedwa m'Chipwitikizi ku Beira ndi ku Lourenço Marques (Maputo wa lero), ndi anthu amene ankaona Angónia ngati kumathero a dziko. Zina zidalowa kudzera ku Dedza ndi ku Ntcheu zili m'Chichewa. Zina zidalembedwa pamanja n'kukhomedwa pabolodi, ndipo zambiri zidangomveka pawailesi n'kutha. Ntchitoyi ndi yokunkha, ngati m'munda wa kachewere umene eni ake adakumba kale. Ine ndimakunkha kuno ku Ulónguè chipumire uphunzitsi, ndipo njira imene ndimatsata ndi iyi.

Yambani m'makomo, osati m'maofesi

Anthu osunga mapepala amadziwika: aphunzitsi akale, akatekisiti, akulu a mpingo, amene adali alembi a grupo dinamizador (makomiti a Frelimo a m'midzi ndi m'malo antchito), manesi opuma, ndi madalaivala amene ankayenda msewu wa Tete kapena wa Blantyre. Lembani mayina awo, muyambe ndi okalamba kwambiri. Pepala likhoza kudikira chaka china, koma nkhalamba yodziwa kumene pepalalo lidachokera siyidikira.

Musayembekeze kupeza nyuzipepala yathunthu. Zambiri zidathera kupichira fodya, kukulungira mandasi ndi usipa, ndi kukolezera moto. Zimene zidapulumuka zidapulumuka chifukwa zidapatsidwa ntchito ina: kuyala pansi pa thiranki yachitsulo, kukutira makope a sukulu, kumata chipupa, kutchinjiriza chithunzi kuseri kwa felemu. Zina zidapindidwa n'kulowa m'Baibulo kapena m'buku la nyimbo, makamaka zokhala ndi dzina la m'bale amene adakhoza mayeso kapena uthenga wa maliro. Mukamafunsa, tchulani malo amenewa, chifukwa mwini nyumba mwiniwake amakhala adaiwala. Mukangoti, "Agogo, muli ndi nyuzipepala zakale?" yankho ndi lakuti ayi. Koma mukati, "Agogo, thiranki ija mudabwera nayo kuchokera ku Malawi, pansi pake mudayala chiyani?" nthawi zambiri amadzuka kukaona.

Pepala la munthu musachoke nalo. Lijambuleni pomwepo, mwini wake akuona. Anthu akangomva kuti aphunzitsi aja amatenga zinthu osabweza, mudzi wonse umatseka mathiranki. Ndipo pepala likakhala la nthawi ya nkhondo, musafunse kuti iwo adali mbali iti. Funsani kuti adaligula kuti, ankawawerengera ndani, ndipo anthu ankati chiyani atamva. Zotsalazo akafuna adzanena okha.

Funso lakuti ankawerenga ndani ndi lofunika kwambiri kwa ine. Kwathu nyuzipepala imodzi inkadutsa m'manja ambiri, ndipo ambiri amene ankaidziwa sankaiwerenga, ankaimva kwa mwana wasukulu kapena kwa katekisiti akutanthauzira m'Chichewa. Mbiri yongotchula mayina a nyuzipepala ndi zaka zake, yosanena mmene zinkafikira kwa anthu, ndi mbiri ya ku Maputo, si yathu.

Kujambula kwake n'kosavuta. Yalani pepala pamphasa kapena patebulo pakhonde, pamthunzi, osati padzuwa, ndipo nyali ya foni muizime. Jambulani tsamba lonse kaye, mbali zonse ziwiri, kenako mbali yapamwamba pamene pamakhala dzina ndi tsiku, kenako kabokosi kamene atolankhani amati ficha técnica, kotchula mwini nyuzipepala, mkonzi, kumene idasindikizidwa ndi kuchuluka kwa makope. Zotsatsa malonda musazidumphe. Mtengo wa njinga, feteleza kapena tikiti ya basi umanena zambiri kuposa zolankhula za akuluakulu patsamba loyamba. Mukhalenso ndi kope lolembamo pamanja: tsiku, mudzi, mwini pepala, ndi zimene wanena. Foni imabedwa, imagweranso m'madzi.

Kudziwa zaka za tsamba long'ambika

Apa ndi pamene pali luso lenileni, chifukwa masamba ambiri amene mudzapeze adzakhala opanda mutu ndi tsiku. Komabe tsamba limadziulula lokha.

Yambani ndi ndalama. Mitengo ikakhala m'ma escudo, tsambalo ndi la kumbuyo kwa 16 June 1980, tsiku limene metikali idayamba. Ikakhala m'mametikali a ziro zambirimbiri, buledi wa masauzande, ndiye kuti ndi la zaka zoyandikira 2006, chifukwa mu July chaka chimenecho ndi pamene ziro zitatu zidachotsedwa. Ku mapepala a ku Malawi, mapaundi ndi mashilingi akutanthauza kumbuyo kwa 1971, kwacha isanabwere.

Kenako onani mmene dziko likutchulidwira. "Colónia de Moçambique" ndi kumbuyo kwa 1951. Kuyambira 1951 ankati "Província", ndipo nthawi yonseyo Tete adali "distrito", osati "província" monga lero. "República Popular de Moçambique" ndi kuyambira pa ufulu, 25 June 1975, kufikira malamulo atsopano a 1990 amene adachotsa liwu la "Popular". Likulu likalembedwa Lourenço Marques, ndiye kuti 1976 isanafike kapena kumayambiriro kwake. Ulónguè akalembedwa Vila Coutinho, muli m'nthawi ya atsamunda. Damu la ku Songo Apwitikizi ankalemba Cabora Bassa, ife tidadzalemba Cahora Bassa. Tete akamatchedwa cidade osati vila, ndiye kuti 21 March 1959 idadutsa. Mukaona mawu akuti "Visado pela Comissão de Censura", dziwani kuti tsambalo lidadutsa m'manja mwa ofufuta nkhani a boma la Salazar, mtsogoleri wa Portugal, ndipo boma limenelo, Marcelo Caetano atalitenga, lidagwa pa 25 April 1974.

Mawu otukwanira adani amathandizanso. "Terroristas" kapena "turras" ndi mmene atsamunda ankatchulira Frelimo, makamaka nkhondo itayambiranso ku Tete mu March 1968. "Bandidos armados" ndi mmene nyuzipepala za boma la Frelimo zinkatchulira Renamo, mpaka zokambirana za mtendere zimene zidathera ku Roma pa 4 October 1992.

Pa mapepala a m'Chichewa onani kalembedwe. Akalemba "cimanga", "cifukwa", "nchito", pepalalo ndi lakale, la nthawi imene kalembedwe ka "ch" kadali kasanakhazikitsidwe ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Dzina lakuti Chinyanja lidasinthidwa kukhala Chichewa kumeneko mu 1968. Koma chenjerani: ku Zambia ndi kuno kwathu "c" yekhayo adakalipo, ndiye tsamba lolembedwa "Cinyanja" likhoza kukhala buku la sukulu la dzana lomweli kapena pepala lolowera ku Cassacatiza, pamalire a Zambia. Chizindikiro chimodzi chisakukhutiritseni. Pezani ziwiri kapena zitatu zogwirizana, ndipo m'kope lanu mulembe kuti "pakati pa 1980 ndi 1990" m'malo mopeka chaka.

Zimene mudzakumane nazo, ndi kawerengedwe kake

Makina oyamba osindikizira m'Mozambique adafika ku Ilha de Moçambique mu 1854, ndipo chimene adayamba kusindikiza ndi Boletim ya boma. Si nyuzipepala yosangalatsa, koma musainyoze. M'menemo ndi m'mene mumapezeka za kusankhidwa kwa ma administrador, kugawidwa kwa malo, kukhazikitsidwa kwa maposito ndi misonkho. Pofuna kudziwa kuti ofesi yakuti idatsegulidwa liti, Boletim Oficial, kapena Boletim da República ya pambuyo pa ufulu, ndiyo mboni yabwino. O Africano ya 1908 ndi O Brado Africano ya 1918, za João Albasini ndi m'bale wake José, ndi zofunika pa mbiri ya dziko lonse, koma maso awo adali kummwera, ndipo chinenero chakuda chimene zinkasindikiza chidali Chironga.

Ziwiri zimene mudzazione kawirikawiri ndi Notícias, imene idayamba ku Lourenço Marques mu 1926, ndi Diário de Moçambique ya ku Beira. Yachiwiriyi muisamale, chifukwa dzina ndi limodzi koma nyuzipepala ndi ziwiri. Yoyamba idakhazikitsidwa mu 1950 ndi bishopu wa ku Beira, Sebastião Soares de Resende, amene ankadzudzula thangata ndi ulimi wokakamiza wa thonje, ndipo boma lidaiimitsako kangapo. Tete adali pansi pa dayosizi ya Beira mpaka 1962, ndiye nkhani za mamishoni athu, monga Boroma, Lifidzi ndi Fonte Boa, muziyang'ane m'menemo. Bishopuyo atamwalira mu 1967 nyuzipepalayo idapita m'manja ena, kenako idatsekedwa. Dzinalo lidaukanso mu 1981, pamene Notícias da Beira idasinthidwa dzina. Mukasakaniza ziwirizi mudzaika mawu a boma la Frelimo m'kamwa mwa bishopu.

Nyuzipepala za atsamunda muziwerenge kawiri: koyamba kuona zimene zanena, kachiwiri kuona zimene zasiya. Za ntchito yomanga damu, imene idayamba mu 1969, zidalemba masamba ndi masamba. Koma pa 16 December 1972 asilikali a Chipwitikizi adapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, pafupi ndi mzinda wa Tete womwewu, ndipo nkhaniyo siidatuluke m'nyuzipepala za kuno. Ansembe a ku Spain amene ankagwira ntchito m'derali ndiwo adalemba mayina a ophedwa n'kuwatulutsa kunja, ndipo wansembe wa ku England, Adrian Hastings, adaisindikiza mu The Times ya ku London pa 10 July 1973, kutatsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano afike mumzindamo. Nkhani yaikulu ya Tete ya zaka zimenezo idatulukira ku London. Choncho mukapeza kuti nyuzipepala ya mwezi wakuti ilibe kanthu za mudzi wanu, musalembe kuti kudali bata. Lembani kuti nyuzipepala idakhala chete, kenako mufunse anthu.

Pambuyo pa ufulu chinthu chomwecho chidapitirira, chidangosintha malaya. Magazini ya Tempo, imene idayamba mu 1970, ili ndi zithunzi zabwino ndi nkhani zazitali za maaldeia comunal (midzi imene boma lidasonkhanitsamo anthu) ndi minda ya boma ya ku Angónia, ndipo nthawi zina inkadzudzuladi. Komabe idali mkati mwa mzere wa chipani. Domingo idabwera mu 1981. Chimene ine ndimachiona ngati nyuzipepala yeniyeni ya m'mudzi ya nthawi imeneyo ndi Jornal do Povo, bolodi la m'mabairo, m'masukulu ndi m'malo antchito, limene ankalembapo kapena kukhomapo nkhani. Mabolodiwo adawola, koma amene ankalemba ena alipo. Afunseni kuti nkhani ankazitenga kuti, ankaziona ndani zisanakhomedwe, ankalemba m'chinenero chanji, ndipo munthu akalembedwa pabolodi kuti ndi waulesi kapena wa candonga (malonda a katangale) zinkamuthera bwanji. Zimenezi simudzazipeza m'nyumba yosungira mabuku iliyonse.

Tsopano za kutsidya kwa malire. Munthu wa ku Angónia kapena Tsangano amene ankawerenga m'chinenero chake ankawerenga za ku Malawi, chifukwa msewu wa Dedza ndi Ntcheu ndiwo malire, ndipo msika wa ku Lizulu ndi wathu tonse. M'makomo a Akatolika mudzapeza Moni, imene idayamba mu 1964, ndi Odini ya ku Likuni. M'makomo a mpingo wa Reformada, amene mizu yawo ili ku mishoni ya Mphatso yotsekedwa ndi Apwitikizi mu 1922, yang'anani Kuunika ya ku Nkhoma. Palinso Boma Lathu ya boma la Malawi, ndi masamba a Chichewa a Tikambe ndi Tamvani. Ambiri mwa mapepalawa adalowa ndi anthu obwerera kwawo itatha 1992, pajatu othawa nkhondo ku Malawi adafika pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri a iwo atawoloka kuyambira 1986. Awanso muwawerenge mochenjera. M'nthawi ya Kamuzu Banda atolankhani sankalemba momasuka, ndipo boma lake lidali paubwenzi ndi Apwitikizi, moti Jorge Jardim, mwini Notícias da Beira, adalinso kazembe wa Malawi ku Beira. Ena amati mapepala a ku Malawi sayenera kulowa m'mbiri ya nyuzipepala za Tete. Ine ndimawalowetsa, chifukwa ndiwo amene anthu a Tete ankawerenga.

Lamulo la atolankhani la 1991 ndilo lidatsegula khomo kwa nyuzipepala zosakhala za boma. MediaFAX, ya Carlos Cardoso ndi anzake, idayamba mu 1992, ikufika m'maofesi pa fakisi, ndipo Savana idatsatira mu 1994. Timanyuzipepala ta m'zigawo tidatengera njira yomweyo ya fakisi, kenako imelo, kenako WhatsApp. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize funsani za Calowera ndi Malacha, ndipo mufunsenso atolankhani akale mayina ena amene adatuluka miyezi ingapo n'kuzilala. Timeneti n'tofunika pa nkhani za malasha, monga kusamutsidwa kwa anthu kupita ku Cateme ndi kutseka njanji kwa mu January 2012, chifukwa olemba ake ankakhala pafupi ndi eni nkhani. Mukapeza pepala la fakisi lijambuleni tsiku lomwelo. Pepala loterera lija limafufutika lokha, ndipo likakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto limada lonse. Makope a PDF nawonso asakupusitseni kuti ndi osatha: pemphani mkonzi akupatseni onse pa fulashi kompyuta yake isanafe. Kuti mudziwe chaka chimene nyuzipepala idalembetsedwa ndi dzina la mwini wake, ofesi yake ndi GABINFO, nthambi ya boma yoona za zofalitsa nkhani.

Wailesi musaisiye kunja. M'chigawo chimene ambiri sawerenga Chipwitikizi, nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete, youlutsa m'Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena, pamodzi ndi mawailesi a m'madera, ndiyo yakhala ikugwira ntchito ya nyuzipepala. Pitani mukapemphe kuona makope olembamo mauthenga a maliro, zotayika ndi zidziwitso, komanso mapepala a nkhani amene owulutsa ankatanthauzira kuchokera m'Chipwitikizi. Nthawi zambiri amakhala m'katoni pakona, akudikira tsiku loyeretsa ofesi.

Kumene kuli makope athunthu

Mukamaliza zapafupi ndiye muganize za ulendo. Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, imene idakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ili pansi pa Universidade Eduardo Mondlane, ndiyo yosunga nyuzipepala zakale zomangidwa m'mavoliyumu, limodzi ndi Biblioteca Nacional. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete, ndiye musapite chimanjamanja. Lembani mndandanda wa masiku amene mukufuna, tengani kalata ya kusukulu, ku mpingo kapena ku bungwe lanu yofotokoza ntchito yanu, ndipo mufunsiretu za malamulo a kujambula. Munthu wopita kukangoti "ndikufuna za Angónia" amatha sabata akutembenuza masamba a mpira wa ku Lourenço Marques. Buku la Ilídio Rocha la 2000, A Imprensa de Moçambique, limathandiza kudziwa mayina ndi zaka za nyuzipepala za nthawi ya atsamunda musananyamuke.

Kwa ife a kuno kumapiri, Zomba ndi pafupi kuposa Maputo. National Archives of Malawi ili kumeneko, ndipo ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. M'mapepala a Chingerezi akale dziko lathu limatchedwa Portuguese East Africa, ndipo dera lino Portuguese Angoniland. M'maparishi, makamaka a ansembe a Chijezuiti, pemphani mwaulemu kuona timakalata ta nkhani ta parishi ndi mabuku olembamo zochitika za mishoni. Za kuphedwa kwa ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, ku Chapotera pa 30 October 1985, mudzamva zambiri kumeneko kuposa m'nyuzipepala za chaka chimenecho.

Pa intaneti, Mozambique History Net ili ndi nkhani zodulidwa m'nyuzipepala za m'ma 1970 ndi 1980, zosanjidwa m'mitu, ndipo Memórias de África e do Oriente ili ndi mabuku ndi magazini a boma la atsamunda. Pofufuza yesani kalembedwe kalikonse: Ulónguè, Ulongwe, Vila Coutinho, Dómuè ndi Domwe, Zóbuè ndi Zobwe, Calómuè ndi Kalomwe. Kompyuta siidziwa kuti ndi malo amodzi.

Kusunga zimene mwapatsidwa

Ena adzakupatsani mapepala awo ndi mtima wonse, makamaka ana a womwalira amene akusesa m'nyumba. Afunyululeni pang'onopang'ono, muwayale pakati pa makatoni awiri aukhondo, osawapinda. Chotsani mapini ndi mawaya a sitepula, amachita dzimbiri n'kudya pepala. Selotepi musaiyandikize, imasanduka yachikasu n'kuboola zilembo, ndipo musalole a fotokope kuti awamatire m'pulasitiki ya moto, chifukwa zimenezo sizibwezeka. M'jumbo yomanga pakamwa musaikemo: chinyezi cha mvula ya kuno chimatsekeredwa momwemo n'kubala nkhungu. Ikani pashelefu yotalikira pansi ndi chipupa, ndipo muziunika chiswe mwezi ndi mwezi, makamaka mvula ikayamba. Pepala lonyowa liumitseni pamthunzi podutsa mphepo.

Zithunzi za m'foni muzipatse mayina oyamba ndi chaka, kenako mwezi, tsiku, dzina la nyuzipepala ndi tsamba, kuti zizisanjika zokha. Zisungeni malo awiri, pa fulashi ndi pa imelo yanu. Polemba mbiriyo, chiganizo chilichonse chizionetsa kumene chachokera: ichi ndi cha Notícias, ichi ndi cha Moni, ichi adanena agogo akuti, ndipo dzina la munthu wamoyo mulitchule pokhapokha iye atavomera. Mukasindikiza, ngakhale pa fotokope ya pamsika, kope limodzi lipite ku banja lililonse limene lidakutsegulirani thiranki, lina ku laibulale ya sekondale yapafupi, lina ku wailesi ya m'dera lanu kuti aliwerenge m'Chichewa.